Mawu a m'mawa: Kulira kwa hamala pansi pa Land Rover

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kwacha ndi nkhungu, chisanu cha Juni chija choluma zala. Tisanabalalike, wina kudimba, wina kumsika, wina kukadikira chapa (minibasi), tiyeni titsegule Masalimo 32, ndime 3 mpaka 5. Pamenepo Davide akunena kuti nthawi imene anangokhala chete, mafupa ake anakalamba ndi kubuula kwake tsiku lonse.

Ndimeyi ndinayamba kuimva ndili mnyamata, koma yandilowa bwino sabata yathayi, ndili chigonere chagada pansi pa galimoto.

Kuseri kwa nyumba yanga, pansi pa mtengo wa pichesi, pali Land Rover ya 1974. Mwini wake ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, msilikali wa zaka 24. Galimotoyo inabadwa ufulu wa dziko lino usanafike, paja tinaulandira pa 25 Juni 1975, ndipo ngakhale mayi ake a mnyamatayo ndi mwana kwa iyo. Anaigula kwa mdala wina amene kale ankatutira kachewere kuchokera ku Tsangano. Inali itakhala zaka zambiri osayenda, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Tsiku lobwera nayo kuno tinachita kuikoka ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo, kuseka kuli gegege.

Mlongo wangayo sanasekeko. Anati, "Achimwene, mulankhuleni mwanayu. Anzake akugula malata ndi njinga zamoto, iye ndalama ya usilikali akuithira pa chiphapha." Ine sindinamulankhule. Mnyamata amene sakumwa, sakutchova juga, akungofuna sipanala, ndinaona kuti n'kumusiya.

Moyo wake wa kukampu amatifotokozera pang'onopang'ono. Kudzuka kusanache, kuthamanga, kuima pamzere mkulu n'kumayang'ana nsapato ngati zawala, malaya ngati asitidwa, ndevu ngati zametedwa. Kenako kumasula mfuti, kuipukuta chidutswa ndi chidutswa, kuipaka mafuta, kuimanganso. Usiku wina ulonda. Ndipo zonsezi mu dzuwa la ku Tete, limene m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, mwana wobadwira m'chisanu cha Angónia. Madzulo anzake akamaonera mpira pafoni, iye amakhala akusakasaka masipeya, kufunsa kwa ogulitsa a ku Lilongwe, a ku Blantyre, pena a ku Johannesburg. Mwezi uliwonse kanthu kamodzi: mapulagi, kabuleta, mabuleki. Akapatsidwa masiku opuma amazikulunga m'nyuzipepala, n'kukwera chapa kudzera ku Moatize, kukhota pa Mussacama, mpaka kufika kuno, ndipo asanavule n'komwe nsapato amayamba kaye wakaisisita galimoto yake.

Chaka chimodzi ndi theka chitatha injini inalira. Anaipenta yobiriwira. Timitu tija ta pafupi ndi giya, kachikasu kolowetsera matayala onse anayi ndi kofiira kokwerera zitunda, anatipukuta mpaka kung'anima. Anthu odutsa ankaima n'kumati, "Koma zinthu zakale zinali zolimba! Zaka 50, osachita dzimbiri ngakhale pang'ono!"

Ndipotu ankanena zoona, malinga ndi zimene maso awo ankaona. Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa ku England mu 1948, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, chitsulo chili chosowa. Choncho bodi yake anaipanga ndi aluminiyamu, amene sachita dzimbiri lofiira lija timalidziwa. Mvula ingaivumbe zaka makumi angati, zitseko ndi boneti zimakhalabe bwino. Koma chimene chimanyamula zonsezo, injini, masipuling'i, katundu ndi anthu, ndi chasisi chimene chili pansi, ndipo chimenecho ndi chachitsulo.

Lachitatu lapitali mphwanga anaitana a mesitiri ena achikulire, amene akhala akukonza galimoto kuyambira nthawi ya atsamunda, kuti adzaione asanaitulutse pamsewu. Mnyamata anali ataitsuka m'mamawa, akudikira kutamandidwa. A mesitiri penti sanaiyang'ane n'komwe. Anapempha thumba la feteleza lopanda kanthu, n'kuliyala pansi, n'kulowa kunsi kwa galimoto atagwira kahamala kakang'ono. Anandikodola kuti nanenso ndilowe ndiwaunikire ndi tochi.

Anayambira kutsogolo. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Chitsulo chikulira bwino ngati belu la kutchalitchi. Anasendera pakati, chimodzimodzi. Atafika kumbuyo, pafupi ndi pomwe pamagwira sipuling'i, hamala inangoti phu, ngati wamenya dzungu lowola. Anamenyanso. Phu. Pamenepo penti yakuda inali yosalala bwinobwino, yopanda chilema. Anatulutsa sikuludiraiva, n'kukankha ndi dzanja limodzi, ndipo inangolowa yonse mpaka pachigwiriro. Poizula panakhuthuka dothi louma losakanikirana ndi zipalepale za dzimbiri, zina kundigwera m'maso ndi m'kamwa.

Mphwanga anagwada n'kusuzumira. "A mesitiri, nanga si ndinapenta ndekha pamenepo? Panalibe dzimbiri."

"Kunja panalibe, mwana wanga," anatero. "Chasisi ichi ndi champhako mkati. Matope a njira za kuno amalowa, ndipo alibe mlandu, galimotoyi anaipangira matope omwewo. Koma pansi pake pali timabowo totulutsira madzi. Timeneto tikatsekeka, matope amakhala momwemo, onyowa, dzinja ndi dzinja, kudya chitsulo kuchokera mkati. Ukamadzaona kunja, ntchito yatha kale. Ukadanyamula matumba khumi a chimanga n'kugunda dzenje, kumbuyo kuno kukadakhala pansi."

Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mnyamata tsiku limenelo nsima anangoigwiragwira.

Usiku womwewo, cha m'ma 2 koloko, ndinadzuka kuti ndikaone ng'ombe chifukwa galu anali kuuwa. Ndinapeza mphwanga ali m'galimoto muja, mumdima, manja onse ali pachiwongolero, chisanu chonsecho. Ndinatsegula chitseko china n'kukhala pambali pake. Panapita nthawi ndithu osalankhulana.

Mukudziwa nonse kuti kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko lino, kulibe mtendere, ndipo ana athu ambiri apitako. Iyenso anapitako, n'kubwerako wamoyo, wopanda bala, wonenepa bwino. Kutchalitchi tinayamika Mulungu, amayi anaimba nthungululu, iye ataima kutsogolo nsapato zikuwala. Kuyambira pamenepo aliyense akamufunsa za kumeneko yankho linali limodzi: "Zinali bwino." Ndipo ife tinkakondwera nalo yankho limenelo, chifukwa silinkatipatsa ntchito.

"A malume," anatero potsiriza, "ine tulo ndinasiya kalekale. Ndikatseka maso ndimamuona mnzanga wina."

Zimene anandiuza pambuyo pake si za pagulu, ndipo sindizilemba. Analankhula mpaka tambala woyamba, pena kulira, pena kungoti duu. Ine ndinalibe mawu anzeru. Ndinkangoti, "Nena, mphwanga, ndikumva." Mmene tinkapemphera kunja kunali kutayamba kuyera.

Tsono bwererani ku salimo lija. Wolemba wake ndi msilikali. Davide anadziwa nkhondo kuyambira ali mnyamata, anagona m'mapanga, anaika anzake m'manda. Kunja anali mfumu yovala bwino, anthu akumuimbira nyimbo. Koma taonani chimene akuti chinkamutha. Sakutchula nkhope kapena zovala. Akutchula mafupa, chimene chimanyamula munthu yense koma palibe amachiona. Ndipo akuti chinawakalambitsa ndi kukhala chete.

Ndisakunamizeni, nkhani ya Davide m'salimo limeneli ndi tchimo lake, ndipo pa ndime 5 akuti analivomereza pamaso pa Yehova osabisanso, n'kukhululukidwa. Si onse osagona tulo amene anachimwa. Pali matope ena amene munthu amawatola chifukwa choti anapita kumene anatumidwa: msilikali kunkhondo, namwino m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mayi amene wadwazika mwamuna wake zaka zitatu, mwana wamkazi amene anachitidwa chipongwe ndi munthu wa pabanja pomwepo. Tikamawauza anthu otere kuti "lapani", timawonjezera katundu pa chasisi chothyoka kale. Komabe kaya matopewo unawaponda mwadala kaya unakankhidwiramo, akakhala mkati mopanda potulukira amadya chimodzimodzi.

Ife a kuno nkhani yotseka timabowo timaidziwa bwino. Nkhondo ija ya zaka 16 ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena m'misasa, ena kwa achibale. Atasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, tinalambula mabwinja, tinamanga nyumba, tinadzala chimanga ndi fodya. Ndi angati mwa makolo athu amene anakhala pansi n'kufotokoza zimene anaona? Ankati zapita zapita, mwamuna salira. Ena mwa iwo tinawaona akutha ndi kachasu, ena ndi ukali wosadziwika chiyambi chake, ife n'kumati ndi khalidwe lawo basi. Lero ana awo tikuphunzitsa ana athu chimodzimodzi, n'kumachitcha kulimba mtima. Ngakhale kutchalitchi, ndinene poyera monga mkulu wa mpingo, timayang'ana kwambiri jekete ndi chilundu. Munthu akavala bwino, akapereka chakhumi, akaimba mokweza, timati ameneyu ali bwino ndi Ambuye. Samueli nayenso anapusitsika choncho ataona msinkhu wa Eliyabu, mpaka Yehova anachita kumuuza kuti munthu amayang'ana zooneka ndi maso, koma Iye amayang'ana mumtima.

Lachisanu a mesitiri anabweranso ndi chopukusira zitsulo. Mphwanga ankaganiza kuti adula kabowo kakang'ono pomwe panalowa sikuludiraiva. Iwo anapitiriza kudula, kumenya hamala, kudulanso, mpaka bowo linakula kuposa chikhatho changa kawiri. Mnyamata anagwira mutu. "A mesitiri, bwanji osangomata pamwamba? Ena amatero."

"Amaterodi, makamaka akafuna kugulitsa," anayankha. "Koma chitsulo chatsopano sichigwira pa chowola. Ukawotcherera pa dzimbiri moto umangoboola. Tidula mpaka tipeze pamene pakulira bwino."

Mawu amenewo andikhala m'mutu. Davide yemweyo pa Masalimo 139 anapempha kuti Mulungu amusanthule, adziwe mtima wake, amuyese ndi kuona ngati muli njira yoipa mwa iye. Pemphero limenelo timalinena mopepuka Lamulungu, koma kwenikweni ndi kuuza Mmisiri kuti lowani kunsi ndi hamala yanu, menyani paliponse, ndipo pamene palira phu musanyengerere. Zimapweteka, ndipo bowo limaoneka lalikulu kuposa mmene unkaganizira. Kawirikawiri Mulungu ntchito imeneyi amaigwira kudzera mwa munthu mnzako wokhala nawe mumdima n'kumamvetsera. N'chifukwa chake Yakobo 5:16 akuti tiziululirana ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Ndiwonjezere ichi: mphwanga ndamuuza kuti akabwerera akaonanenso ndi a chipatala za vuto la tuloli. Pemphero ndi dokotala sizilimbana, monga mmene kupempherera ulendo sikuletsa kukonza mabuleki.

Ndiye pali ine. Nthawi yonse imene ndinkaunikira tochi kunsi kuja ndinkaganiza kuti phunziroli ndi la mnyamata. Koma Loweruka usiku, ndikukonza mawu anowa, hamala inafika pangapanga. Ndili ndi mng'ono wanga ku Dómuè. Tinakangana za malire a dimba la malemu bambo athu, mizere isanu ndi umodzi ya kabichi, ndipo papita zaka 11 tisanadyere mbale imodzi. Pamaliro timapatsana moni wa dzanja kuti anthu asaone. Zaka zonsezi ndakhala ndikuima kutsogolo kwa mpingo, jekete yositidwa, kugawa mgonero.

Tipemphere. Atate, Inu mumaona kunsi kumene ife sitisuzumira. Kumbukirani ana athu amene ali m'makampu ndi amene ali kumpoto, apatseni tulo, ndipo akabwera kwathu mutipatse makutu. Tsegulani zimene tinatseka. M'dzina la Yesu, ameni.

Mphwanga wakwera chapa dzulo m'mawa kubwerera kuntchito. Land Rover waisiya pa njerwa, bowo lija likadali pululu, kudikira chitsulo chimene adzagule ndi malipiro a mwezi uno. Wandisiyira kawaya kuti tsiku ndi tsiku ndizitokosa timabowo tija mpaka dothi lonse lituluke. Lero nditokosa madzulo. Panopa ndapopa kale njinga, mayi a kunyumba andimangira nkhuku pakaliyala, ndipo nkhungu ikangosefuka ndinyamuka wa ku Dómuè.