Makalata a Omvera: Mawu a pa Mapu Akasowa Kapena Akamasokosa

Omvera athu, tafika pa gawo lija lomwe timawerenga makalata anu ndi kuwayankha. Sabata ino makalata angapo akumana pa nkhani imodzi, ya mawu amene pulogalamu ya mapu ya pa foni imalankhula pouza woyendetsa pokhotera. Tiyambe ndi kalata ya bambo wina amene amayendetsa galimoto yonyamula katundu.

"Okondedwa aulutsi, ndakhala ndikugwiritsa ntchito mapu a pa foni kwa zaka zingapo ndipo mawu ankamveka bwinobwino. Koma chiikitsire wailesi yatsopano m'galimoto, yomwe imalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, mawu aja anangoti zii. Muvi ukuyenda pa sikirini, dzina la msewu likuoneka, koma wondiuza pokhotera palibe, moti tsiku lina ndinapitirira mphambano ndipo ndinazindikira nditafika kale kutali. Ndakanikiza batani lokwezera mawu mpaka pamapeto koma sizinaphule kanthu. Kodi sipika ya foni yafa?"

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ndikukayika ngati sipika yafa, ndipo mungatsimikize nokha pothimitsa Bluetooth n'kuyika nyimbo iliyonse pa foniyo. Chimene ndikuganiza kuti chachitika n'chakuti foni ikalumikizana ndi wailesi ya galimoto, imasiya kutulutsa mawu pa sipika yake ndipo imawatumiza ku wailesiyo, monga momwe imachitira ndi nyimbo. Tsono ngati inu mwatchera wailesi pa FM, mwina mukumvera pulogalamu yathu yomwe ino, wailesiyo ikumvetsera kwina, ndipo mawu a mapu akufika pa khomo lotseka. Foni ikulankhula ndithu, koma palibe amene akuipatsa mpata.

Pali njira ziwiri zokonzera zimenezi. Yoyamba ndi kusintha wailesi kuichotsa pa FM kuiika pa Bluetooth, ndipo mawu adzamveka m'masipika a galimoto, kungoti ife mudzatitaya. Yachiwiri, imene ndingakulangizeni pa zifukwa zimene mwazidziwa kale, ndi kuuza pulogalamuyo kuti izilankhulira pa sipika ya foni ngakhale Bluetooth ili yolumikizidwa. Simunatchule pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito, choncho nditchula ziwiri. Pa Google Maps, dinani chithunzi chanu chimene chili pakona yakumanja m'mwamba, lowani mu Settings, kenako pa gawo la Navigation, ndipo mupeza mawu akuti "Play voice over Bluetooth", thimitsani pamenepo. Pa Waze, yomwe kampani ya Google inagula mu 2013 koma ikadali pulogalamu yapayokha, lowani pa gawo la mawu mu Settings ndipo muyatse pamene palembedwa kuti "Play sound to phone speaker". Dziwani kuti sipika ya foni ndi yaing'ono ndipo injini ya galimoto yonyamula katundu si yofatsa, choncho foniyo ikhale pa chogwirira chake pafupi ndi chiwongolero, osati m'thumba kapena pampando pansi pa mapepala.

Musanayambe zonsezi, yang'anani kaye kachizindikiro ka sipika kamene kamaoneka kumanja kwa sikirini ulendo ukayamba. Kachizindikiroka kali ndi magawo atatu: kulankhula zonse, kulankhula machenjezo okha, ndi kusalankhula konse. Ndi kosavuta kukakhudza mwangozi poika foni pa chogwirira, ndipo anthu ambiri amavutika kufufuza mkati mwa foni pamene vuto lili poonekera.

Kalata yachiwiri yachokera kwa mayi wina, ndipo vuto lawo ndi losiyana kotheratu.

"Aulutsi athu, ine mawu amandimvekera, koma mopitirira muyeso. Ndikamayenda ndi mwana wanga wakhanda ndimaika nyimbo motsitsa kuti agone, koma tikayandikira pokhota mawu a mapu amabwera ngati munthu akukalipa, mwana n'kudzidzimuka. Ndikatsitsa ndi batani la foni, nyimbo nazonso zimatsika mpaka kusamveka. Kodi n'zotheka kutsitsa mawu a mapu okha nyimbo n'kukhala momwe zilili?"

N'zotheka mayi, ndipo funso lanu lafika pa phata la nkhani yonse, choncho ndikhalitsapo pang'ono. Mawu a mapu asanafike m'khutu mwanu amadutsa pa zipata zitatu, ndipo chilichonse chili ndi muyeso wake. Chipata choyamba chili m'pulogalamu ya mapu momwemo, chachiwiri ndi voliyumu ya foni, ndipo chachitatu ndi voliyumu ya wailesi ya galimoto. Inu mwakhala mukugwira chipata chachiwiri, chomwe nyimbo ndi mawu a mapu zimadutsira limodzi, n'chifukwa chake zonse zimakwera ndi kutsikira pamodzi. Chimene mukufuna ndi chipata choyamba. Pa Google Maps, pa gawo lomwe lija la Navigation, pali mawu akuti "Guidance volume", ndipo pansi pake pali zosankha zitatu: "Softer", "Normal" ndi "Louder". Sankhani "Softer". Amene ali ndi iPhone ndipo amagwiritsa ntchito Apple Maps apezanso zosankha zitatu zomwezi, zimene zimapezeka ulendo ukayamba, podina kakhadi kamene kali m'munsi mwa sikirini.

Palinso chifukwa china chimene mawuwo amamvekera ngati akukalipa. Pulogalamu ikafuna kulankhula imapempha foni kuti itsitse nyimbo kwa kamphindi, ndipo ikamaliza nyimbo zimabwerera mwakale. Anachita zimenezi dala kuti woyendetsa asaphonye malangizo, koma nyimbo zikakhala kuti ndi zofatsa kale, kusiyana kwake kumakula, ndipo khutu, makamaka la khanda, limadzidzimuka kwambiri ndi kusintha kwadzidzidzi kuposa phokoso lokhazikika.

Ngati galimoto yanu ili ndi Android Auto kapena Apple CarPlay, mapulogalamu oonetsera za pa foni pa sikirini ya galimoto, pali chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa. M'magalimoto ambiri otere, mawu otsogolera njira ali ndi voliyumu yawoyawo, yosiyana ndi ya nyimbo, ndipo njira yoifikira ndi kupotokola chotsitsira mawu pa nthawi yeniyeni imene mawuwo akulankhula. Mukapotokola mawu atangotha, mwatsitsa nyimbo. Mukapotokola ali pakati pa chiganizo, mwatsitsa iwowo, ndipo galimoto imakumbukira. Izi sizofunika kuyesera muli pa liwiro mwana ali kumbuyo. Imikani galimoto, ikani ulendo wa kulikonse, ndipo mawu oyamba akangoyamba kulankhula, gwirani chotsitsiracho. Pa Google Maps ya pa Android palinso "Play test sound", imene imalankhula chiganizo chachifupi choyesera, kotero mungathe kumva kukula kwa mawu injini ili chiimire. Ndipo pa msewu umene mukuudziwa bwino, kusankha machenjezo okha pa kachizindikiro ka sipika kaja kungakhale kokwanira, chifukwa pulogalamu sidzalankhula pa mphambano iliyonse.

Mnyamata wina wafunsa mwachidule chifukwa chake mawu a mapu amasowa akakhala pa foni ndi munthu. Achimwene, yang'anani pamalo omwe aja pa Google Maps ya pa Android, mupeza "Play voice during phone calls". Mukayatsa, malangizo adzamveka ngakhale mukulankhula, ngakhale ine ndikadakonda kuti zokambiranazo zidikire mpaka mutaima.

Kalata yomaliza ndi ya bambo amene amayendetsa njinga yamoto tsiku lonse popereka katundu kwa makasitomala.

"Okondedwa aulutsi, ndimavala kahedifoni khutu limodzi mkati mwa chipewa chotetezera mutu. Ndikaima mawu amamveka bwino, koma ndikathamanga mphepo imawameza, ndipo kawirikawiri ndimangomva mapeto a chiganizo, chiyambi chake chitadulidwa. Ndakweza zonse mpaka kumapeto, moti madzulo khutu limalira. Pali njira yokwezera kuposa pamenepa?"

Bambo, "Louder" ilipo ndipo mungaisankhe, koma mwandiuza chinthu chimene sindingachilumphe, chakuti madzulo khutu limalira. Kumeneko ndi kudandaula kwa khutu kuti lalandira phokoso loposa mphamvu zake. Akatswiri a za chitetezo cha pa ntchito amaika malire pa madesibelo 85 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi imene khutu lingapirire imatsika ndi theka. Mphepo yodutsa m'chipewa pa liwiro lalikulu imatha kudutsa malire amenewa payokha, ndipo inu mukuwonjezerapo mawu ofuna kuiposa. Choncho yankho labwino si kukweza mawu, koma kuchepetsa mphepo: tsekani galasi la chipewa, onetsetsani kuti chipewacho chikukukwanani bwino m'masaya, ndipo ngati mungathe, pezani timasipika topyapyala tomatika mkati mwa chipewa m'malo mwa kahedifoni kolowa m'khutu. Fufuzaninso malamulo a pamsewu a kumene mumayendetsako, chifukwa m'mayiko ena, monga France kuyambira 2015, kuvala chinthu chotulutsa mawu m'khutu poyendetsa n'koletsedwa. Kulira kwa khutuko kukapitirira masiku angapo, kaonaneni ndi dokotala.

Za chiyambi cha chiganizo chimene chimadulidwa, chimenecho si vuto la voliyumu ayi. Zida zambiri za Bluetooth zimagona pakakhala chete pofuna kusunga batire, ndipo mawu akafika zimatenga kanthawi kuti zidzuke, moti mawu oyamba, omwe nthawi zambiri ndi amene amanena mtunda wotsala, amatayika panjira. Mukayesa ndi hedifoni ya chingwe n'kupeza kuti chiganizo chikumveka chonse, mwadziwa kuti gwero ndi limeneli. Ena amathana nazo posiya nyimbo zikuyimba chapansipansi kuti kulumikizanako kusagone, ndipo pa njinga yamoto ndinganene kuti zikhale zapansi kwambiri moti hutala ya galimoto yakumbuyo izimvekabe. Mukayesa, mutilemberenso kuti tidziwe ngati chiyambi cha chiganizo chabwerera.