"Unali Kuti Ife Tili Kunkhondo?" Za Asilikali Opuma ndi Mikangano ya Ndale

[M'mawa, pa chipilala cha Keyala. Phiri la Zomba likuoneka kumbuyo]

Moni nonse, kulikonse kumene mukuonera. Lero ndaima pa chipilala chimene ambiri mumangochiona pawindo la minibasi mukamalowa mu Zomba kuchokera ku Blantyre. Ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, amene agogo athu, lilime litakana, ankangoti a Keyala. Chapafupi pompano ndi ku Cobbe Barracks. Mu Zomba muno n'kovuta kupeza banja lopanda msilikali: ngati si bambo ndi malume, ngati si malume ndi mlamu.

Chimene chandibweretsa pano ndi mkangano umene ndinaumva pabawo ku Chinamwali. Bambo wina wachikulire, sajeni wopuma, ankatsutsana ndi mnyamata wa kabaza za mtengo wa feteleza, ndi chipani chimene chinaukweza. Mnyamatayo ankadziwa zimene ankanena, mitengo ankaitchula chaka ndi chaka. Bambo aja ataona kuti zavuta anasiya njombwa m'manja n'kuti, "Iwe mwana, unali kuti ife tikulondera njanji ya ku Nacala? Dziko lino tinaliteteza ndife. Tseka pakamwa." Mnyamata uja anangoti, "Pepani bambo," n'kuyamba kupukuta njinga yake. Tonse tinati zii. Mkangano unathera pomwepo, koma za feteleza palibe anayankha.

Ndiye funso langa ndi ili. Munthu amene anagwirira dziko mfuti, dziko lili naye ngongole yanji? Ndipo pa ngongoleyo, kodi pali gawo lakuti ifeyo tizikhala chete iye akamalankhula za ndale?

[Kamera iyandikira mayina olembedwa pachipilala]

Ngongole ilipo, ndipo ndi yakale kuposa mbendera yathu. Gulu la Keyala linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland. Dzina lakuti Cobbe ndi la mzungu Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Somaliland ya chaka chomwecho. Dzina la mzungu lili pageti mpaka lero. Anyamata achiyao ndi achinyanja amene ankaombera naye limodzi, ndani angawatchule?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika pakhomo penipeni. Mu September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga ndi Ajeremani. Anthu anaitcha nkhondo ya Chiwaya. Amuna a kuno pafupifupi 19,000 analowa usilikali, koma amene anavutika mosaoneka ndi amtengatenga, pafupifupi 200,000, amene ankasenza ufa ndi zipolopolo pamutu kudutsa m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique. Ambiri anatengedwa mokakamiza, ambiri anafa ndi njala ndi kamwazi. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake. Mu January 1915 anaukira. Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu anakafika ku Abyssinia, ku Madagascar, mpaka ku Burma. Atabwerako ambiri anabwerera kukhasu, mendulo ili m'chikwama. Chimene chinatsala m'midzi ndi magule: mukaona beni kapena malipenga, maguba aja, makaki aja, maudindo aja a sajeni ndi kaputeni, ndi perete wa Keyala amene anasanduka gule.

Musaganize kuti ndi nkhani za makedzana zokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya Renamo, ndipo ena sanabwereko. Mu November 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, anafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linam'patsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene saipereka wamba. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri mu March 2023, amene ankafukula anthu m'matope ndi omwewa.

Choncho sajeni wa ku Chinamwali uja sankanama. Kumene anapita, ine sindinapiteko.

[Tikuyenda mumsewu, kulowera ku nyumba za asilikali akale]

Nanga ngongole yotere imalipidwa ndi chiyani? Ndi penshoni yofika pa nthawi yake komanso yogula thumba la chimanga. Ndi mankhwala a mwendo umene uli ndi chitsulo mkati. Ndi dokotala womvetsa munthu amene amadzidzimuka usiku patapita zaka makumi atatu, chifukwa mabala ena saoneka, ndipo kwathu kuno munthu wotere timafulumira kumunena kuti ndi chidakwa basi. Ndi sukulu ya ana a amene anabwera m'bokosi. Mu Zomba muno muli nyumba zosungirako asilikali akale, ndipo kuli bungwe lawo la VELOM. Mwezi wa November uliwonse timavala kaduwa kofiira pachifuwa, akuluakulu amabwera kudzaika nkhata pachipilala chija, lipenga limalira, timakhala chete mphindi ziwiri. Ndi mwambo wabwino, ine ndimaukonda. Koma nkhata sadyera nsima.

Ndipo msilikali wopuma akadzuka kukafunsa zake, asamuuze munthu kuti akuchita ndale. Pa 28 February 1948, mumzinda wa Accra, asilikali amene anabwerako ku nkhondo yachiwiri anaguba kupita kwa bwanamkubwa kukapereka madandaulo a malipiro amene analonjezedwa. Apolisi anaombera n'kupha atatu: Sergeant Adjetey, Corporal Attipoe ndi Private Odartey Lamptey. Mzinda unayaka, ndipo moto umenewo ndi umodzi mwa imene inafikitsa Ghana pa ufulu mu 1957. Anthu aja ankafuna zawo, ndipo anali ndi ufulu wonse.

Pamene pamasokonekera ndi apa. Pali kunena kuti "ndipatseni zanga chifukwa ndinatumikira," ndiye pali kunena kuti "zimene ndanena ndi zoona chifukwa ndinatumikira." Choyambacho ndi ngongole. Chachiwiricho palibe anasainira.

[Kutsogolo kwa nyumba yakale ya malamulo]

Nyumba iyi ndi imene aphungu ankakumaniramo, ngakhale likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Ndabwera dala kuti tikambe za malamulo aakulu a dziko lino. Gawo 160 limanena kuti asilikali azigwira ntchito nthawi zonse pansi pa ulamuliro wa anthu wamba amene malamulo awapatsa mphamvu. N'chifukwa chake msilikali amene ali pantchito amakavota mwakachetechete, koma simumuona atavala nsalu ya chipani pansanja. Mfuti imene wanyamula inagulidwa ndi msonkho wa anthu a zipani zonse.

Tsiku limene wapuma, chingwe chimenecho chimamasuka. Gawo 35 limam'patsa ufulu wolankhula, gawo 40 ufulu wolowa chipani, kuchita kampeni, ngakhale kuima nawo pachisankho. Ndiye inu amene mumalemba pa Facebook kuti jenerali wopuma azingoweta nkhuku kumudzi asamalankhule za boma, mwaphonya. Alankhule. Akafuna aime. Ku America, Dwight Eisenhower anachoka pa ujenerali n'kukhala pulezidenti mu 1953, anthu atamuvotera. Koma ufulu umene wopumayo walandira ndi womwewo umene mnyamata wa kabaza ali nawo, osaonjezera kanthu. Gawo 20 limati tonse ndife ofanana pamaso pa malamulo. Pamzere wovota sajeni amapatsidwa pepala limodzi, mayi wogulitsa tomato pa Mpondabwino pepala limodzi, ndipo powerenga palibe amafunsa kuti ili ndi la ndani.

Tsono chimene chimandikhudza ine n'chakuti ulemu waukulu umene asilikali a Malawi ali nawo anaupeza pokana kutiuza zochita. Mu December 1993, pa Operation Bwezani, analanda zida a Malawi Young Pioneers. Masiku amenewo mfuti zonse zinali m'manja mwawo, Kamuzu akudwala, boma likunjenjemera. Akanafuna akanakhala pampando, monga zinachitikira ku Nigeria ndi ku Ghana kangapo. Anabwerera kubalaki, ndipo pa 17 May 1994 anthu wamba anasankha okha. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, ena ankazungulirazungulira kuti wachiwiri wake asalowe. General Henry Odillo anaima pa malamulo, ndipo pa 7 April Joyce Banda analumbira. Mu 2019, misewu itadzaza ndi ziwonetsero zokana zotsatira za chisankho, asilikali motsogozedwa ndi General Vincent Nundwe ankayenda m'mbali mwa anthu kuwateteza. Sanafunse woguba aliyense kuti unali kuti ife tili ku Congo. Ntchito yawo inali yoti munthu wamba alankhule osaopa. Ndiye sajeni akauza mnyamata kuti tseka pakamwa, akuphwanya chinthu chimene iye mwini anachilondera zaka zonse zija.

[Titakhala pa benchi, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi]

Mukafuna kuona kumene msewu winawo umathera, yang'anani kwa anansi athu ku Zimbabwe. Omenyera ufulu kumeneko anali ndi madandaulo enieni, ambiri anaiwalidwa dziko litalandira ufulu mu 1980. Mu 1997, motsogozedwa ndi Chenjerai Hunzvi, anapanikiza Robert Mugabe mpaka analonjeza aliyense madola a Zimbabwe 50,000 ndi penshoni ya mwezi ndi mwezi, ndalama zimene munalibe mu bajeti. Pa 14 November chaka chomwecho ndalama ya dzikolo inataya mphamvu yoposa theka tsiku limodzi, ndipo malipiro aja anali chimodzi mwa zifukwa zake. Pofika 2000 dzina lakuti womenyera ufulu linasanduka chiphaso: cholandira minda, choopsezera otsutsa, chouzira anthu kuti dziko ili tinalipeza ndi magazi ndiye simungalitenge ndi bolopeni. Ena amene ankadzitcha dzinali anali anyamata oti nkhondoyo sanaione n'komwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti womenyera ufulu weniweni wa kumudzi anakhalabe wosauka. Amene analemera ndi amene ankalankhula m'dzina lake.

Ife sitinafike pamenepo, ndipo mbiri yathu ndi yosiyana chifukwa ufulu wathu sunabwere ndi nkhondo ya m'tchire. Koma kafungo kake kamamveka nthawi ya kampeni. Wandale amadziwa kuti kuimika asilikali opuma kumbuyo kwake pamsonkhano n'kotchipa kuposa kukonza penshoni yawo. Amawapatsa tisheti ndi ya thiransipoti, amawatcha ngwazi, chithunzi chimajambulidwa. Chisankho chikadutsa, fayilo ya mkuluyo ili pomwe inali. Ndipo kawirikawiri amene amakuwa kwambiri kuti "ife asilikali akale tikuti" amakhala anthu ochepa. Opuma alipo a zipani zonse, alipo a m'tchalitchi amene ndale sazifuna n'komwe, alipo amene akulondera mashopu usiku ndipo alibe nthawi yoyankhula ndi atolankhani. Palibe mmodzi amene ananyamula pakamwa pa onsewo.

Pali zinthu zimene ine, sajeni akayamba kulankhula, ndimakhala pansi n'kutchera khutu. Akamanena zimene zimachitika mnzako akaomberedwa pambali pako. Akamanena ngati kuli koyenera kutumiza ana athu ku DRC ndi zida zimene ali nazo, makamaka pambuyo pa imfa za mu January 2025 zimene zinachititsa kuti boma liwaitanitse kwawo. Akamanena mmene mkazi wamasiye wa msilikali amayendera maofesi. Pamenepo iye waona, ine ndangomva. Koma za mtengo wa feteleza, za ngongole za boma, za amene akuyenera kukhala phungu wa dera lathu, usajeni suthandiza kanthu. Namwino amene wagwira ntchito usiku zaka 30 m'chipatala cha boma naye anatumikira dziko, mphunzitsi wa ku Jali amene amaphunzitsa ana 120 pansi pa mtengo naye anatumikira, koma sitinamvepo akuti voti yawo iwerengedwe kawiri.

Ndikudziwa kuti pachikhalidwe chathu kutsutsa wamkulu n'kovuta, makamaka wamkulu wamamendulo. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mnyamata uja anachita bwino kupepesa pagulu, sindikanafuna kuti awayankhe mwachipongwe. Koma akanatha kunena kuti, "Bambo, za ku Nacala ndikukulemekezani, ndipo ndikufuna mudzandifotokozere. Koma pa feteleza paja ndiye ndikuonabe mosiyana." Mawu amenewo alibe mwano.

[Pabawo ku Chinamwali, madzulo. Nkhope za osewera sizikuoneka]

Ndinabwererako dzana. Sajeni ndinawapeza, ndipo ndinawafunsa za njanji ija. Analankhula pafupifupi ola lathunthu: za kugona m'ngalande mvula ikugwa, za mnzawo wa ku Ntcheu amene anaponda bomba lokwirira, za kalata imene anailemba okha kupita kwa mkazi wa malemuyo. Anati palibe anawafunsapo zimenezi chipumireni, ngakhale ana awo. Wa kabaza uja anafika nkhani ili pakati, anaimika njinga n'kumvetsera mpaka kumapeto, makasitomala awiri anamupitirira.

Atamaliza, wina anatchulanso feteleza. Anayambiranso pomwe analekera, sajeni mbali yawo, mnyamata mbali yake, mawu akukwera. Ndinachoka mdima utagwa asanagwirizane, ndipo bawo anali atasiya kalekale.