Diresi lakuda la Oopjen Coppit

Amayi ndi abambo, zikomo pobwera. Tiyang'ane chithunzi cha Oopjen Coppit, mayi wa ku Amsterdam, chimene Rembrandt, katswiri wojambula wa ku Netherlands, anapenta mu 1634, nthawi ya luso lotchedwa Baroque. N'chachitali kupitirira pang'ono mamita 2, ndiye mayiyu amaoneka wathunthu. Mu 2016 maboma a Netherlands ndi France anachigula pamodzi ndi cha mwamuna wake, Marten Soolmans, pa mayuro 160 miliyoni. Ziwirizi sizilekanitsidwa: zimasinthana pakati pa nyumba ziwiri zosungiramo zinthu zakale, Rijksmuseum ku Amsterdam ndi Louvre ku Paris.

Anachipanga bwanji? Chinsalu ankayamba achipaka guluu wa zikopa kuti mafuta asachidye, kenako utoto wapansi. Utoto weniweni unali ufa woperedwa ndi mafuta a njere za fulakesi. Woyera unkachokera ku mtovu, ndipo n'chifukwa chake pa X-ray malo oyera amawala. Wakuda wina ankaupeza powotcha mafupa.

Onani kolala yalesiyo. Rembrandt sanajambule ulusi umodziumodzi ayi. Anayala kaye utoto woyera, n'kudontheza wakuda pamwamba kuti timabowo ta lesi tioneke. Diresinso si lakuda kumodzi: muli kuda kowala ndi kuda kozimiririka, ndiye n'kumene diso limadziwira kuti nsaluyi ndi yodula.

Apa ndi pamene vuto limayambira. Pamwamba pa zonse pamapakidwa vanishi wa utomoni wa mitengo. Akakalamba amachita chikasu ndipo amang'ambika tizidutswa tosaoneka. Lesi imasanduka ngati ya mu utsi, mapindo a diresi n'kusowa, kutsala chigamba chimodzi chakuda. Zimandiwawa ndikamva munthu akuti zithunzi zakale n'zamdima; nthawi zambiri mdimawo ndi wa vanishi.

Pomuchotsa, akatswiri amaunika kaye ndi nyali ya UV, ya kuwala kosaoneka ndi maso, pamene vanishi wakale amaoneka wobiriwira. Kenako amakulunga thonje pa kamtengo, kuliviika m'mankhwala osungunula, n'kuyesa pakona kaye. Thonje likatenga mtundu wa utoto, amasiya pomwepo. Malo akuda ndi oopsa kwambiri chifukwa utoto wake umakhala wopyapyala, ukachoka, wachoka.

M'chipinda choonetsera zithunzi amasunga chinyezi cha pafupifupi 50 peresenti ndi kuwala kosapitirira 200 lux (lux ndi muyeso wa kuwala). Chinyezi chikamakwera n'kutsika, chinsalu chimatamuka n'kukhwinyata, utoto wouma sungatsatire, umasweka n'kuyamba kusendeka. Mukadzafika pa chithunzi chotere, manja kumbuyo: thukuta la chala limasiya chipsera pa vanishi.