Khadi la bambo: kusankha chithunzi cha chilengedwe ndi kulikonza kuti likhale lawolawo

[Pa kanema: makhadi awiri ali patebulo]

Takulandirani nonse. Taonani makhadi awiriwa. Ili lili ndi phiri la kunja lokutidwa ndi chipale chofewa, lokongola ndithu. Linalo lili ndi mtengo wa mlambe ndi kanjira kotsikira kudambo. Bambo amene anakulira ku Mangochi kapena ku Chikwawa, loyambali angoliyamikira n'kuliika pambali, koma lachiwirili aligwira nthawi yaitali, mwinanso ayamba kukuuzani za ng'ombe zimene ankaweta ali mnyamata. Khadi lotere ndi limene tikonze lero.

Tsiku la Abambo limakhala Lamulungu lachitatu la mwezi wa June, koma njira yake ndi yomweyi ngakhale pa tsiku lawo lobadwa kapena popuma pa ntchito.

[Pa kanema: zithunzi za malo osiyanasiyana]

Musanagwire foni, ganizirani malo amene bambo amawatchulatchula akamacheza. Ngati kwawo ndi ku Mulanje kapena ku Thyolo, phiri la Mulanje loonekera kuseri kwa minda ya tiyi silikhumudwitsa. Chenjerani ndi nyengo. Mu June ndi July chiperoni chimatha kuphimba phirilo masiku angapo, ndipo kuyambira August utsi wa moto wa m'tchire umachititsa kuti mapiri akutali azioneka otuwa. Jambulani msanga, musadikire sabata yomaliza. Ngati ndi a kunyanja, bwato lili pamchenga m'mawa limakwanira. Nkhwazi ndi yokongola, koma ikakhala patali foni siiitha. Mukakoka chithunzi ndi zala kuti iyandikire, pa pepala idzatuluka ngati banga chabe.

Ndipo musaderere zapafupi: munda wawo chimanga chitamasula, mtengo wa mango umene anadzala okha, mtsinje umene ankawedzako. Kwa ife, zimenezi zimaposa malo otchuka onse. Mfunda nawonso ungakuthandizeni. A Phiri, phiri. A Njobvu, njovu ya ku Liwonde. A Mvula, mitambo yakuda ili pamwamba pa munda.

[Pa kanema: munthu akujambula ndi foni]

Pukutani kaye diso la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala ndi amene amachititsa chifunga pa zithunzi zambiri. Jambulani ola loyamba dzuwa litatuluka kapena ola lomaliza lisanalowe. Dzuwa la paliwombo limayeretsa thambo n'kudetsa pansi pa mitengo. Foni igwireni choimika, popeza khadi nalo limaima. Mzere umene nyanja imakumana ndi thambo ukhale wowongoka. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu, kumwamba, lopanda kanthu, kuti mawu adzakhale pamenepo. Chithunzi chikakhala cha munthu wina, pemphani kaye chilolezo.

[Pa kanema: pepala ndi rula]

Tsopano miyeso. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 kwa 297. Mukalipinda pakati limakhala A5, mamilimita 148 kwa 210, ndipo limalowa mu envelopu ya C5. Mukafuna laling'ono, pindani A5 kuti likhale A6, mamilimita 105 kwa 148, envelopu yake C6. Gulani kaye envelopu musanasindikize, chifukwa si paliponse mungapeze zonse ziwiri.

Kuti chithunzi chituluke chakuthwa, pamafunika madontho 300 pa inchi. Nkhope ya khadi la A5 imafuna mapikiselo (timadontho timene timapanga chithunzi) 1,748 kwa 2,480, ya A6 imafuna 1,240 kwa 1,748. Foni ya mamegapikiselo 12 imajambula pafupifupi 3,000 kwa 4,000, choncho imakwanitsa bwinobwino. Vuto limabwera potumiza. WhatsApp imafinya chithunzi kuti isadye bandulo yambiri, ndipo chofinyidwacho chikasindikizidwa masamba a mitengo amangophatikizana. Tumizani ngati Document, kapena chiikeni pa fulashi. Musagwiritse ntchito screenshot, kapena chithunzi chotsitsa pa Facebook.

[Pa kanema: sikirini ya kompyuta]

Mu Canva (pulogalamu yokonzera makhadi ndi zithunzi) kapena mu Word, goneketsani tsamba la A4. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: chithunzi chimakhala theka la kumanja, theka la kumanzere ndi kumbuyo kwa khadi. Mukasinthanitsa, khadi lidzatsegukira mbali yolakwika. Ngati mukufuna kuti chithunzi chifike m'mphepete penipeni, chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse zodula, kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasatsale kamzere koyera. Mawu akhale mamilimita osachepera 5 kuchokera m'mphepete.

Foni imawala yokha, pepala siliwala. N'chifukwa chake chithunzi cha dzuwa likulowa chimatuluka chakuda kuposa mmene chimaonekera m'manja mwanu. Chiwalitseni pang'ono, makamaka m'mithunzi, kenako pemphani osindikiza ayese kaye pa pepala wamba. Pomweponso muona ngati mkati simunatuluke chadodolido.

Pepala likhale lolimba, 250 mpaka 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). La ofesi ndi 80 gsm, siliima patebulo. Lonyezimira limakometsa madzi a nyanja ndi thambo, koma inki ya cholembera imapakapaka, ndiye mkati mukhale mosanyezimira. Musanapinde, ikani rula pakati n'kudutsitsa bolopeni yotha inki kawiri kuti pakhale kangalande. Mukapinda pepala lolimba osachita zimenezi, inki imang'ambika pamsana pa khadi.

[Pa kanema: dzanja likulemba]

Kutsogolo mawu achepe. "Bambo" yekha akukwanira, kapena dzina limene mumawaitanira kunyumba, kaya Ababa kaya Adadi. Zilembo zikhale zazikulu ndi zosapindikapindika, pakuti maso a akulu savutikira zokhotakhota. Mawu oyera pa thambo loyera saoneka. Asunthireni pamalo akuda. Ngati mukulemba Malaŵi ndi kachipewa, yang'anani bwino, chifukwa mitundu ina ya zilembo ilibe ŵ ndipo imaika kabokosi m'malo mwake.

Mkati lembani pamanja, tikupempha. Bambo amadziwa kalembedwe ka mwana wawo. Yesani kaye pa pepala lina kuti musafufute pa khadi. Lembani mwaulemu monga mmene mumayankhulira nawo, ndipo m'malo mokopera mawu a pa intaneti, tchulani chinthu chimodzi chogwirizana ndi chithunzicho. Mwachitsanzo: "Bambo, mango awa munadzala ine ndisanabadwe, lero zidzukulu zanu zikudya. Zikomo Phiri." Ngati muli ana angapo, aliyense asaine yekha, kuyambira wamkulu.

Kumbuyo, pansi, lembani dzina la malo ndi chaka chimene munajambula. Dikirani mphindi zisanu inki iume musanatseke. Ngati khadi likuyenda pa basi kupita kumudzi, liikeni pakati pa timakatoni tiwiri m'kajumbo kuti lisapindike kapena kunyowa. Mukakhala kuti mukukapereka nokha, perekani ndi manja awiri, ndipo khalani pansi muwapatse mpata aliwerenge.