Mphepo ya kum'mawa ku Walvis Bay

Muli bwanji abale anga a ku Chipata, Katete, Chadiza mpaka ku Lundazi? Ndikulankhula nanu kuchokera ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia, komwe ndimakonza malole pa galaja ina pafupi ndi doko.

Juni wafika, kwanuko majuzi atuluka m'masutikesi ndipo m'mawa mukuotha moto. Kuno nyengo yomweyi ndi imene imabweretsa mphepo ya kum'mawa, yotentha komanso yodzaza mchenga. Imakonda kuwomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mpweya wozizira umaunjikana kumtunda, m'kati mwa dziko, kenako umatsetsereka kulowera kunyanja. Potsikapo umanka nutentha n'kuuma, ndiye ukafika m'chipululu cha Namib umatola mchenga ndi fumbi la m'mitsinje youma monga Kuiseb, n'kudzatithira m'tauni. Kavuluvulu wa kwathu wa mu Okutobala amazungulira pabwalo n'kupita. Iyi imatha kubwera m'mawa uliwonse kwa masiku angapo.

Ikawomba, kutentha kumapitirira madigiri 30 nthawi yachisanu yeniyeni. Milomo imang'aluka, mchenga umalira m'mano. M'munsi mwa chitseko timatseka ndi thaulo lonyowa, komabe pa mbale umapezapo fumbi. Ku galaja ndiye ndimaona zambiri: fyuluta ya mpweya ukaigogoda pansi imasiya mulu, galasi lakutsogolo limachita mbuu, penti kutsogolo kwa lole itasupuka.

Koma mphepo imeneyi sibwera mwakabisira. Masiku ambiri kuno timadzuka ndi chifunga, chifukwa madzi oyenda m'mphepete mwa nyanja kuno, otchedwa Benguela, ndi ozizira kwambiri. Mvula ndi yosowa, pachaka sifika n'komwe mamilimita 20. Ndiye usiku ukaona kumwamba kwayera, chifunga kulibe, kunja kukufunda m'malo mozizira, dziwa kuti kukacha kuli ntchito. A zanyengo a boma la Namibia amachenjezanso pa wailesi, ndipo pa foni mutha kuoneratu komwe mphepo ichokere. Nthawi zambiri imalimba m'mawa n'kufooka masana, ya kunyanja ikayamba.

Mawu anga apite kwa inu achimwene oyendetsa malole a mkuwa obwera kuno. Mseu wa B2, pakati pa Swakopmund ndi Walvis Bay, umadutsa m'mphepete mwa milu ya mchenga, ndipo mchengawo umakwera pa tala. Ndikuchondererani, mukaona kutsogolo kwafiira, musalimbane nayo. Imani pamalo abwino kutali ndi mseu, tsekani magalasi, dikirani masana. Nyamulani madzi akumwa okwanira ndi fyuluta ina yapadera musanachoke ku Zambia.