Kampu yakale isanasanduke msika, tidziwe zimene zili pansi ndi padenga

Zikomo a Gulupu, mashehe, abusa, amayi ndi abambo nonse. Amene muli padzuwa senderani kuno kumthunzi.

Mwamva za anyamata aja amene anatola chitsulo chadzimbiri kuseri kwa kampu yakale ya asilikali n'kupita nacho kwa ogula zitsulo zakutha. Mwayi wake wogulayo anachizindikira asanachiike pasikelo. Linali bomba losaphulika. Akanaligogoda ndi hamala kuti achotse mkuwa, bwenzi lero tili pamaliro. Choncho mawu anga oyamba ndi awa: chitsulo chimene simukuchidziwa, osachigwira, pamalo paja, osakumba.

Ganizo loti nyumba zija zikhale mashopu ndi malo a zaluso ndi labwino, ndipo silachilendo. Tauni yathu ino ya Mangochi inayamba mu 1891 ngati linga la asilikali, Fort Johnston, lero ndi misika yokhayokha. Ku Nasawa, ku Zomba, kumene kunali apayoniya, achinyamata akuphunzirako ntchito zamanja. Ku San Diego, ku America, kampu yophunzitsira asilikali apamadzi inatsekulidwa mu 1923, n'kutsekedwa mu 1997. Lero amaitcha Liberty Station, ndipo m'nyumba zimene munkagona asilikali muli ojambula ndi ovina. Koma msika wake wa zakudya unatsekulidwa mu 2016. Werengani zakazo. Inu mukufuna mabenchi aime mwezi uno usanathe!

Nyumba za asilikali zimakhala zazitali, zipinda zili pamzere, khonde kutsogolo. Kugawa mashopu a matelala, osema ziboliboli ndi oluka mlaza sikuvuta. Bwalo la perete ndi lake la beni, paja beni anatengera perete wa asilikali yemweyo. Makoma si vuto. Vuto lili pansi ndi padenga.

Pansi pali zipolopolo ndi mabomba. Ena amati chakale chinafa kale. Ayi. Dzimbiri limadya kachitsulo kamene kamaletsa kuti lisaphulike, ndiye kugwedeza pang'ono kapena kutentha kokha kumakwana. Inu otentha zinyalala, inu osaka mbewa ndi moto, ndikunena inu. Mukachiona, musachinyamule, musachiponye m'chimbudzi kapena mu Shire, kumeneko mukutchera asodzi msampha. Bwererani njira imene munadzera, chotsani anthu mtunda woposa bwalo la mpira, uzani apolisi. Iwo ndiwo amaitana akatswiri a asilikali. Anzathu aku Mozambique nkhondo inatha mu 1992, koma mabomba okwirira anamaliza kuchotsa mu 2015. Amene mumadutsa pa chipata cha Chiponde polowa ku Mozambique mukuzidziwa. Osagwira, osakumba.

Pafupi ndi galaja, mukaona paipi ili ndi chivundikiro ikutuluka pansi, kawirikawiri pamenepo pali thanki ya mafuta. Owotcherera, tamverani. Thanki yopanda kanthu ndi imene imapha, chifukwa mpweya wa petulo umalemera kuposa mpweya wamba, umakhazikika m'katimo. Kanthethe kamodzi ka galayindala, basi.

(Mayi wina: "Achimwene, nanga malata otuwa aja? Ife takhala tikufolera makola a nkhuku, palibe anadwala.")

Mwafunsa bwino, amayi, khalani pansi ndikuyankheni. Malata ooneka ngati simenti aja ambiri ndi a asibesitosi. Akakhala athunthu padenga, osawasokoneza, savuta kwenikweni. Akasweka, mukawaboola kapena kuwacheka, amatulutsa timaulusi tosaoneka ndi maso. Timeneti tikalowa m'mapapo sitituluka, ngakhale mutsokomole bwanji, ngakhale mumwe mkaka. Matenda ake, khansa ndi kuuma kwa mapapo, amaonekera patapita zaka 20, mwina 30 kapena 40. N'chifukwa chake mukuti palibe anadwala. Mwana amene akusewera ndi zidutswa zake lero adzayamba kubanika ali ndi ana akeake, anthu n'kumati wamulodza azakhali ake. Ndipo ena ndakuonani mukuwambirapo usipa, ena kuphikirapo zitumbuwa. Taonani, zimenezo zithe lero. Pochotsa, ntchitoyo ndi ya anthu ophunzitsidwa: amayamba anyowetsa lata, amamasula mabawuti m'malo mothyola, amatsitsa lathunthu osaliponya, amalikulunga m'pulasitiki yokhuthala kawiri, n'kukalikwirira kumene akhonsolo asonyeza. Fumbi lake sasesa ndi tsache, amapukuta ndi nsanza yonyowa. Chitenje chomanga pamphuno sichiteteza, pamafunika masiki yake yosefa fumbi. Zovala zogwirira ntchitoyo sizipita kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi za ana. Amene muli nawo kale pakhola, asiyeni pomwepo, mutiuze tiwalembe.

Ndaona kumbuyoko mwayamba kuyang'ana dzuwa, ena Swala yayandikira, ndiye ndithamange.

Malo aja ndi a boma, choncho kalata yochokera ku Unduna wa za Malo iyambe yafika, wina asakugulitseni puloti pamenepo. Kenako asilikali ayendere nthaka yonse. A zachilengedwe, a MEPA, aone matanki, madenga ndi penti, poti penti wakale amakhala ndi mtovu, osamupala wouma, makamaka m'chipinda chodzagulitsiramo chakudya. Oona za zinthu zakale anene nyumba zosayenera kugwetsa. Mawaya onse akale achoke, wamagetsi wovomerezeka aike atsopano, shopu iliyonse ndi mita yake, kupanda apo mudzakangana. Maenje a zimbudzi zakale akwiriridwe, masilabu ake anawola. Zimbudzi zatsopano ndi madzi ziyambe, mabenchi pambuyo. Owotcherera ndi okazinga tchipisi mbali imodzi, a nsalu ndi mlaza mbali ina, chifukwa cha moto.

Kufikira zonsezo zitachitika, osagwira, osakumba, ndipo ana muwauze usiku uno. Ofuna malo lembetsani kwa alembi a komiti musanachoke, mutchule ntchito imene mumagwira. A Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.