Mmene wophunzira wa payunivesite amafufuzira udzu wa m'dambo

[Chithunzi: dambo la kunja kwa Chipata mu Epulo, udzu wolekeza m'chiuno.]

Moni nonse amene mukuonera. Udzu mukuuonawu ambiri timaudziwa kuti ndi wofolerera nyumba ndi wodyetsa ng'ombe, koma wophunzira sayansi ya zachilengedwe pa University of Zambia kapena pa Copperbelt University angathe kuchitira pano kafukufuku wake woyamba, uja amafunika m'chaka chomaliza cha digiri.

Ntchito imayamba ndi funso limodzi laling'ono: kodi udzu wotenthedwa mu Juni umaphuka mofanana ndi wotenthedwa mu Okutobala? Kuno kum'mawa funsoli si lachilendo, popeza tchire limapsa chaka ndi chaka chifukwa cha osaka mbewa ndi abusa ofuna msipu wanthete. Ku Ndola, minda yoyesera moto imene inakhazikitsidwa mu 1933 inaonetsa kuti moto wa kumapeto kwa chilimwe, ukabwerezedwa zaka zambiri, umapha mitengo ya miombo n'kusiya udzu, pamene moto woyambirira, udzu usanaumitsitse, umasiya nkhalango ili chilili.

[Chithunzi: chimango cha matabwa chikuikidwa pa udzu.]

Asanaponde m'dambo, wophunzira amakaonekera kaye kwa anyakwawa, pakuti malowo ali ndi eni ake. Kenako amatenga chimango chotalika mita imodzi mbali zonse zinayi n'kumachiika malo osiyanasiyana, ndipo malowo sawasankha ndi maso koma mwa maere. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa diso limathamangira pamene udzu wawirira, ndipo woyeza pabwino pokhapokha amalinamizira dambo chonde chimene lilibe.

M'chimangomo amalemba mtundu uliwonse umene waupeza, kaya ndi tsekera, kapinga kapena nsenjere za m'mphepete mwa madzi. Maudzu ambiri masamba ake ndi ofanana, choncho amasiyanitsidwa ndi ngala zake, n'chifukwa chake Marichi ndi Epulo ndiyo nyengo yabwino. Wozengereza mpaka Ogasiti angathe kukapeza phulusa lokhalokha. Udzu umene wamuzunguza mutu amaupanikiza pakati pa manyuzipepala akale kuti akaufananitse ndi zomera zouma zosungidwa kuyunivesite, ngakhale kuti kawirikawiri agogo ofolera nyumba amakhala atamuuza kale dzina lake la kumudzi.

Akatero amamweta udzu wonse wa m'chimango mpaka pansi, n'kukauumitsa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 60 kufikira kulemera kwake kutasiya kutsika, poti udzu wauwisi umalemera ndi madzi. Akauika pa sikelo, ndiye kuti wadziwa kuchuluka kwa chakudya chimene ng'ombe ingapeze pa malo amenewo.

Tsiku lofotokoza zotsatira, aphunzitsi amafuna kumva kuti chimango chinaikidwa malo angati, chifukwa zoyezedwa pa malo atatu okha sizingaimire dambo lonse.